Mwapaka primer koma zophoda zikuthawabe pankhope? Tiyeni tifufuze pamene palakwika

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinaphoda mkwatibwi amene amagwira ntchito pa boma pano pa Dedza, koma ukwati unkakadalitsidwa kwawo ku Mtakataka. Tinayamba 4 koloko m'bandakucha, kunja kukuzizira moti operekeza anali atadzifunditsa zitenje. Nkhope inatuluka bwino mpaka azakhali ake anaimba nthungululu. Titatsika Khwekhwelere n'kufika pa Golomoti ndinacheuka m'galimoto, ndipo ndinaona mphuno yayamba kale kung'anima. Pomatuluka m'tchalitchi n'kuti foundation, chophoda cha mtundu wa khungu chopaka nkhope yonse, itadikha m'mbali mwa mphuno ndi pansi pa maso, pachipumi patatsala zigambazigamba. Azakhali aja anandikokera pambali. "Mwanangu, paja munati mwapaka kamankhwala kogwira kaja. Nanga zatani?"

Ndinali nditapakadi primer, kamafuta kopaka pansi pa zophoda kuti zigwire. Kulakwa kunali kwanga: ndinasankha primer yoyenera kuzizira kwa kumene tinadzukira, osati kutentha kwa kumene mwanayo ankakaswera. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja imene Mtakataka wayandikana nayo siyifika ndi mamita 500 omwe. Ulendo wake ndi waufupi, koma khungu limakhala ngati lasamukira dziko lina.

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandidandaulira kuti primer yake siyikugwira ntchito, sindithamangira kumuuza kuti akagule ina. Ndimamufunsa kuti zophodazo zayamba kuonongekera pati pankhope, ndiponso nthawi yanji. Zikaonongeka mukupaka kumene, vuto lili m'manja mwanu kapena m'zimene mwayamba kudzola. Zikaonongeka patapita maola angapo, ndi mafuta a khungu kapena thukuta. Zikamaoneka bwino ndi maso koma n'kuipa pachithunzi, tikafufuze zimene anasakaniza m'botolomo. Nkhope imanena yokha, bola kuipenyetsetsa musanaipukute.

Tidziwe kaye chimene tagwira m'manja

Amene anazirapo nyumba sangavutike kumvetsa primer. Suzira pansi posasesa. Umayamba wasesa, kuwaza madzi, kukwirira timaenje, ndiye dothi lozirira limayenda bwino ndipo siling'aluka likauma. Ntchito ya primer ndi yokwirira timaenje ija. Imakhala pakati pa mafuta odzola ndi foundation, imasalaza timabowo ta khungu ndi timizere, ndiponso imachedwetsa mafuta a khungu kuti asafike msanga pa zophoda. Ndati kuchedwetsa, osati kuletsa. Ambiri amakhumudwa nayo chifukwa wogulitsa anawauza ngati kuti ndi guluu.

Ina ndi yoterera, ukaifinyira pachala imayenda ngati nsalu yosalala: imeneyo ndi ya silicone, monga Maybelline Baby Skin kapena Smashbox Photo Finish, ndipo imaposa zinzake pobisa timabowo. Ina ndi yamadzi, yokhala ndi glycerin kapena hyaluronic acid, yofewetsa khungu louma. Mwa zimenezi muli zomata dala kuti foundation ikakamire, monga e.l.f. Power Grip. Palinso zoumitsa, zolembedwa matte, zimene zili ndi silica kapena dothi loyera la kaolin lomwa mafuta.

Kutsogolo kwa botolo angalembe chilichonse, koma zoona zake zili kumbuyo, pa tizilembo ting'onoting'ono tija. Opanga amayamba kulemba chimene chachuluka, n'kumatsika. Werengani mayina 5 oyamba. Mukaona dimethicone, cyclopentasiloxane kapena dzina lina lothera ndi -cone kapena -siloxane, dziwani kuti silicone ndi wambiri. Mawu akuti aqua akakhala pamwamba asakusokonezeni, chifukwa foundation zambiri za silicone nazonso zimayamba ndi madzi. Onani zimene zatsatira.

Timibulu timene timatuluka mukamapaka

Dandaulo ili ndiye ndimalimva kwambiri. Mukupaka foundation, pankhope payamba kutuluka timibulu ngati tizinyenyeswa ta labala mwana akamafufuta m'kope. Mukamasisita kuti tithe, m'pamene timachuluka. Si litsiro ayi. Ndi primer, kapena mafuta a pansi pake, amene sanakhazikike ndiye zala zanu zikuwabulunga.

Gwero lake lalikulu ndi phuma. Tsiku la ukwati operekeza amakhala 6 kapena 8, galimoto ikuliza hutala panja, ankhoswe akuimba foni. Ndiye mafuta odzola, oteteza ku dzuwa, primer ndi foundation zonse zimaunjikidwa pankhope m'mphindi 2. Wophika nsima amadziwa zimene zimachitika ukathira ufa wambiri nthawi imodzi phala lisanapse. Mukadzola mafuta, dikirani mphindi 5 mpaka khungu lileke kumata chala. Mukadzola oteteza ku dzuwa, dikiraninso mphindi 5 kapena 10. Primer ipatseni mphindi imodzi kapena 2. M'mawa wa chifunga ngati wa ku Bembeke muonjezereko, chifukwa zinthu zimachedwa kuuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako sikutanthauza kukhala manja lende. Ine ndimadzoza operekeza onse mafuta poyamba, mzere wonse, ndiye pobwerera kwa woyamba uja ndimapeza khungu lamwa kale. Mukakhala nokha, konzani nsidze kapena tsitsi podikirapo.

Kenako pali kuchulutsa. Nkhope yonse imakwana ndi primer yokula ngati njere imodzi ya nsawawa. Ndikudziwa kuti mtima umakana, umati zochepa chonchi sizingagwire mpaka madzulo. Koma silicone salowa m'khungu, amakhala pamwamba. Wochuluka alibe kolowera, ndiye amabulungika. Ndipo si paliponse pofunika primer. Anthu ambiri timabowo tawo tili pamphuno, m'mbali mwake, pakati pa chipumi ndi pachibwano. M'masaya cha kumakutu mukhoza kusiya.

Kapakidwe nakonso. Primer siyisisitidwa ngati mafuta a m'miyendo. Ifalitseni kamodzi mopepuka, kenako idindeni ndi nsonga za zala. Foundation nayonso muidinde ndi siponji yonyowa pang'ono, yofinyidwa bwino, m'malo moikokakoka ndi bulashi, chifukwa kukoka kumanyamula zimene zili pansi.

Chomaliza ndi kusagwirizana. Ophoda ambiri amaphunzitsana kuti primer ya silicone iziyenda ndi foundation ya silicone, yamadzi ndi yamadzi. Langizoli ndi lothandiza, koma si lamulo la m'mwala: ndaonapo zosiyana zikugwirizana, zofanana zikukanana. Njira yodalirika ndi kuyesa kuseri kwa dzanja. Pakani zonse motsatana monga mudzachitire pankhope, dikirani, n'kusisita pang'ono. Timibulu tikatuluka, chotsani chinthu chimodzi n'kuyesanso, mpaka mupeze chimene chikukangana ndi anzake. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi mafuta oteteza ku dzuwa kapena mafuta odzola okhuthala, primer ilibe mlandu.

Timibulu tikatuluka kale, musathirepo foundation ina. Tisaseni ndi bulashi youma. Tikakhala tambiri, pukutani malo okhawo n'kuyambiranso.

Vaseline ndi gilisalini

Apa ndilankhule mosamala, chifukwa ndi zimene zinatilera. Mwana wa ku Dedza kapena ku Tsangano sangapite ku sukulu mu Julayi osadzola Vaseline. Mphepo ya mwera ingamung'ambe masaya. Ambirife tinakula tikusakaniza gilisalini m'mafuta odzola, ndipo khungu linkatithokoza. Zinthu ziwirizi n'zabwino. Vaseline amatseka khungu kuti madzi asatuluke, gilisalini amakoka madzi n'kuwasunga.

Koma Vaseline sauma, ndipo primer imafuna pogwira. Mukaipaka pamwamba pa Vaseline ili ngati penti pakhoma la mafuta: imayandama, foundation imayandamanso pamwamba pake, ndipo pofika 10 koloko zonse zatsetsereka n'kukadikha m'timizere ta m'mbali mwa kamwa. Gilisalini wosasungunula amasiya nkhope ikumata, ndiye fumbi la mumsewu limakakamira, makamaka mukakwera kabaza kuchokera kumudzi. Chizindikiro chake n'chosavuta: zophoda zimatsetsereka nkhope yonse, osati pamphuno pokha, ndipo zimayamba msanga ngakhale kukuzizira.

Musazitaye, ingosinthani nthawi. Vaseline dzolani usiku mutasamba kumaso, khungu likadali lonyowa pang'ono. M'mawa sambani, n'kudzola mafuta opepuka amene amalowa msanga. Akwatibwi ndimawapempha dzulo lake kuti m'mawa asadzole kanthu ndisanafike, komabe nthawi zina ndimapeza amayi awo awadzoza kale chifukwa cha chikondi, poopa kuti mwana angatuwe pa tsiku lake. Sindikangana nawo. Ndimangoti, "Mayi, mwachita bwino, koma mundilole ndimusambitse kumaso, nditsiriza ndine." Mphindi 5 zimenezo zimapulumutsa tsiku lonse.

Kung'anima masana: ndi mafuta kapena thukuta?

Ziwirizi anthu amazisokoneza, pomwe mankhwala ake ndi osiyana. Tengani tishu youma, ng'ambani kagawo kamodzi kopyapyala, dindani pamphuno. Akakhala mafuta, pepala lichita banga loonekera ndipo banga silichoka. Likakhala thukuta, pepala linyowa kenako liuma.

Akakhala mafuta, primer youmitsa ikuthandizani, koma ipakeni malo okhawo otuluka mafuta. Nkhope si munda wa nthaka imodzi. Pali dambo, pali mtunda. Palibe choletsa kupaka youmitsa pamphuno ndi pachipumi, yofewetsa m'masaya. Foundation ichepe, chifukwa ikakhuthala mafuta amapeza zambiri zosungunula. Pauda dindani ndi kansalu kake m'malo omwewo, musangomuuluzira ndi bulashi. Ndipo musaleke kudzola mafuta opepuka poganiza kuti khungu lanu lili nawo kale. Khungu likhoza kutuluka mafuta koma lili louma pamwamba, ndipo pamenepo foundation imachita zigamba.

Likakhala thukuta, ndinene zoona: palibe primer imene imaletsa thukuta. Thupi likatenthedwa liyenera kudziziziritsa, ndipo madziwo atuluka basi. Ku Golomoti, ku Sharpevale, ku Kasinje ndi chigwa chonse cha Bwanje m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, chimene mungathe ndi kuchepetsa zimene thukutalo linganyamule. Pamenepo primer yomata ija imachita bwino kuposa yoterera yochuluka, foundation ikhale yopyapyala yolembedwa kuti ndi yokhalitsa, concealer (chophoda chokhuthala chobisira mabanga) pa mabanga pokha, pauda pang'ono, kenako setting spray, madzi opopera okhazikitsa zophoda, n'kuikupiza kuti iume. Malo ophodera nawonso asankheni. Chipinda cha malata chopanda siling'i, mazenera otseka, anthu 10 ali momwemo, wina akusita ndi simbi yamakala pakona: nkhope ituluka thukuta primer isanaume, ndipo mwaluza musanayambe. Tulukani pakhonde pamthunzi. Kuwala kwake n'kwabwinonso kuposa kwa babu.

Tsopano za milk of magnesia ndi calamine. Ndikudziwa kuti ophoda ena amapaka zimenezi m'malo mwa primer, ndipo sindikana kuti zimaumitsa nkhope gwa. Koma milk of magnesia ndi mankhwala a m'mimba. Khungu la munthu mwachibadwa ndi lowawasa pang'ono, pH yake, umene uli muyeso wa kuwawasa, imakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo kuwawasako n'kumene kumaliteteza ku tizilombo. Milk of magnesia ali cha pa 10, mbali ya chidulo ndi soda. Mukudziwa zimene chidulo chimachita ndi therere. Mukamadzola kawirikawiri khungu limauma, limayabwa, limayamba tizilonda, ndipo pa khungu lakuda chilonda chilichonse chimasiya banga lotenga miyezi kuti lizimirire. Calamine ndi wa zidzolo ndi nthomba. Ali ndi zinc oxide wambiri amene amatuwitsa nkhope. Ine sindipaka zimenezi pankhope ya mwana wa munthu, ngakhale atandipempha.

M'chisanu: foundation kukakamira pa timamba

Vuto la kumtunda kuno mu Juni ndi Julayi ndi lina. Mpweya umakhala wouma, mphepo ikuomba, timasamba madzi otentha kwambiri, madzulo tikuotha mbaula nkhope ili pafupi ndi moto. Khungu limafunduka timamba m'mbali mwa mphuno, pakati pa nsidze ndi pozungulira kamwa. Ndi maso satioona bwino, koma foundation ikangofika timaonekera tonse, ndipo ukamwetulira pansi pa maso pamachita ming'alu ngati dambo louma.

Cholakwa chimene ndimachiona n'choti munthu anagula primer youmitsa m'chilimwe, inamuthandiza, ndiye akuipakabe m'chisanu. Imamwa ndi kamafuta kochepa kamene khungu latsala nako. Ena amathira primer yoterera yambiri kuti ikwirire timambato, koma timamba sitikwiririka, timangobulungika.

Izi zimakonzedwa masiku angapo tsikulo lisanafike, osati m'mawa wake. Sambani kumaso ndi madzi ofunda chabe. Sopo wochapira zovala asafike kumaso. Amachotsa mafuta onse oteteza khungu. Kawiri pa sabata pukutani mofatsa ndi kansalu kofewa konyowa kuti timamba tichoke. Mwala wokhulira mapazi, chinkhupule cholimba ndi shuga wothira mandimu zimakanda khungu, ndipo mawa lake pamatuluka mabanga. Usiku, Vaseline uja pang'ono. M'mawa wake, mafuta opepuka, primer yamadzi, ndipo pauda achepe kwambiri, mwina pamphuno pokha.

Kuzizira kusakunamizeni kuti dzuwa lilibe mphamvu. Ukamakwera mtunda, cheza chootcha khungu chimaonjezereka pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse, ndipo ndi chimene chimadetsa mabanga amene tikuvutika kubisawa. Primer yolembedwa SPF, muyeso wa mphamvu yoteteza ku dzuwa, siyilowa m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa, chifukwa njere ya nsawawa ija ndi yochepa kwambiri kuti iteteze. Dzolani a SPF 30 kapena kuposa pansi pake. Kwa abale athu achialubino izi sizokambirana: mafuta oteteza ku dzuwa ayambe, okwanira, aume, zophoda zibwere pambuyo.

Ndi maso zili bwino, pachithunzi mbuu

Palibe chopweteka ngati ichi, chifukwa chimadziwika ukwati utatha. Zithunzi zafika pa WhatsApp, khosi ndi mapewa ndi zakuda bwino, nkhope yatuwa ngati wagwa m'phulusa, pansi pa maso mbee. Chimachititsa ndi fulashi ya kamera. Silica, zinc oxide ndi titanium dioxide ndi ufa woyera umene umabweza kuwala, ndipo pa khungu lakuda kubwezako kumaonekera kwambiri. Wopalamula wamkulu amakhala pauda woyera uja wolembedwa HD kapena translucent akaunjikidwa pansi pa maso, koma primer youmitsa yochuluka, calamine ndi mafuta ena oteteza ku dzuwa zimachitanso zomwezo.

Kuyesa kwake n'kwaulere. Mukamaliza, lowani m'chipinda cha mdima pang'ono, jambulani ndi foni fulashi itayaka, muli patali ngati masitepe atatu. Pakatuwa, sasani pauda wotsala ndi bulashi yaikulu, dindani pauda wa mtundu wa khungu lanu, n'kupoperapo setting spray kuti ufa ukhazikike. Primer imene ili yoyera ngati mkaka, ndipo ikauma kuseri kwa dzanja imasiya kutuwa, siyani kuipaka pa zochitika za madzulo. Yooneka ngati madzi oundana siyivuta chotero.

Pali vuto lina lofanana nalo: foundation inali yofanana ndi khungu m'mawa, masana yada kapena yafiira. Zimachitika ikauma ndi kusakanikirana ndi mafuta a khungu. Primer imachepetsako, koma mankhwala enieni ali pogula. Pakani pachibwano, tulukani panja, yendani mumsika mphindi 15, ndiye muone mtundu umene yakhazikikapo.

Za mabanga akuda a ziphuphu, primer wamba siyibisa. Primer zobiriwira zija anapangira kufiira kwa khungu loyera, ife zimangotituwitsa. Chothandiza ndi corrector, chophoda chochepetsa kuda kwa banga, ya mtundu wa lalanje, kadontho pa banga lokhalo, mutapaka kale primer.

Ziphuphu patapita masiku awiri

Ambiri amaloza silicone. Kunena zoona dimethicone payekha sadziwika ndi kutseka timabowo. Amapezeka ngakhale m'mafuta odzoza ana. Vuto n'loti primer ya silicone siyichoka msanga ndi madzi, ndiye kusamba kamodzi ndi sopo mutatopa ndi kuvina sikuichotsa. Pansi pake pamatsala thukuta, fumbi ndi mafuta a tsiku lonse. Yambani ndi madzi ochotsera zophoda otchedwa micellar water, kapena mafuta ochotsera zophoda, pa thonje, kenako sambani ndi sopo wofatsa. Pukutani ndi nsalu yoyera: ikatuluka ndi mtundu, simunamalize.

Ngati si ziphuphu koma kuyabwa, kutentha kapena tizidzolo tating'ono tsiku lomwelo, khungu lakana china chake, kawirikawiri mafuta onunkhiritsa. Sambani, ilekeni. Primer yatsopano iyesedwe kaye kuseri kwa khutu masiku awiri.

Anzanga ophoda, apa tidziyang'ane. Siponji imodzi pa operekeza 8, kenako n'kuiponya m'chikwama ili yonyowa mpaka Loweruka linalo, ndi njira yogawira anthu chipere ndi ziphuphu. Matenda a maso ofiira amene anafala m'dziko muno mu 2024 anayenera kutiphunzitsa. Chapani masiponji ndi mabulashi ndi sopo mukangofika kunyumba, aume pa mphepo. Primer ifinyireni pa kambale koyera, osati kugunditsa kamwa la chubu pankhope ya munthu.

Onaninso zaka za botolo. Kumbuyo kumakhala kachithunzi ka kachitini kotsekula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene mungaigwiritse ntchito mutaitsekula. Ikayamba kutuluka madzi payokha, zolimba payokha, kapena fungo lasintha, yatha ntchito. Kuisiya pazenera kapena m'galimoto padzuwa kumaipha msanga. Zachinyengo nazonso zilipo zambiri. Dzina lotchuka pa mtengo wa kabichi awiri wa pa Lizulu, tizilembo tolakwika, kopanda mndandanda wa zosakaniza: chikomekome cha mkuyu. Kuli bwino primer yotsika mtengo ya dzina losatchuka koma yolembedwa zonse poyera.

Pali nkhope zina zimene primer iliyonse imakana, ndipo ndimazizindikira ndikangozigwira. Khungu lopyapyala, lonyezimira, timitsempha tikuonekera, tiziphuphu tofanana m'masaya, pena mabanga akuda bii pamwamba pa masaya. Ndi za mafuta oyeretsa khungu, amene ambiri ali ndi clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone. Khungu lotero silisunga madzi, limapsa ndi dzuwa, ndipo foundation imaterereka kapena kusweka. Sindinyoza munthu, ndikudziwa mawu amene atsikana akuda amamva akukula. Koma achemwali, ili si vuto la zophoda, ndipo kusintha primer sikungalithetse. Pitani kuchipatala mukaonane ndi a zakhungu, mutanyamula chubu chimene mumadzolacho. Musangosiya mwadzidzidzi panokha, chifukwa mafuta a steroid, monga a clobetasol ndi betamethasone aja, ukawaleka kamodzi nkhope imatha kuyaka ndi kutupa. Iwo akuuzani kasiyidwe kake.

Kuyesa tsiku lisanafike, ndi kukonza masana

Ngati mwawerenga zonsezi koma simunadziwebe chimene chikukuvutani, gawani nkhope pakati. Mbali ina pakani primer, ina ayi, zina zonse zifanane. Swerani nazo monga mwa masiku onse, n'kudziyang'ana pagalasi pazenera 10 koloko, 1 koloko ndi 4 koloko. Ena amapeza kuti mbali yopanda primer ndiyo yakhala bwino, ndipo ameneyo asunge ndalama zake. Kwa mkwatibwi, kuyesaku kuchitike sabata imodzi kapena ziwiri ukwati usanafike, ndipo ngati ukwati uli kuchigwa, akayesere kuchigwa komweko. Tsiku limene akupita kukaonana ndi ankhoswe kapena abusa ndi mwayi wabwino. Masiku ano ukwati ukakhala kunsi kwa Khwekhwelere ndimalolera kugona komweko, n'kuphoda mochedwerapo, pafupi ndi nthawi ya tchalitchi.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, nkhope yophodedwa 5 koloko m'mawa siyingafike pa perekaniperekani osaigwira. Pali kupsompsonana ndi azakhali, misozi ya amayi, dzuwa la pojambulitsa, chakudya, kenako kuvina. Ndiye ndimasiyira woperekeza wamkulu kachikwama: tishu, pauda wa mtundu wa mkwatibwi ndi kansalu kake, kasiponji koyera, concealer pang'ono, lipisitiki ndi chokupizira. Ndipo ndimamuonetsa ndi manja, chifukwa kungomuuza amaiwala.

Thukuta likatuluka, ayambe wakupiza. Kenako adinde ndi tishu, osapukuta, ndipo hanki isayandikire, chifukwa imakokolola zonse mpaka primer yomwe. Pauda abwere khungu litauma. Mukamuthira pa thukuta mupanga phala. Ngati pamphuno foundation yachokeratu, asathire ina pamwamba pa zigambazo. Adinde ndi siponji yonyowa pang'ono kuti m'mphepete musalale, apake kadontho ka primer pamene pachokapo, adikire mphindi imodzi, adinde concealer pang'ono, ndiye pauda. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi m'galimoto, mageti a holo asanatsekulidwe, magalasi atatsitsidwa kuti mphepo ilowe, mkwatibwi atafunditsidwa chitenje pachifuwa kuti pauda asagwere pa diresi.